Kutsata mitsempha ya thabwa popanga thireyi m'chigwa cha Shire

Thabwa limatupa ndi kufota m'lifupi, pomwe m'litali silisintha kwenikweni, ndipo mmisiri wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje ayenera kukumbukira zimenezi kuposa anzake a kumtunda. Thireyi yopangidwa m'mwezi wa Okutobala, kutentha kukamapitirira madigiri 40, idzamwa chinyontho mvula ikakhazikika mu Januwale, ndipo ngati thabwa lapansi linamatidwa mbali zonse, ngodya zidzatseguka kapena thabwalo lidzapindika.

Mlombwa ndiye woyenera kwambiri ntchitoyi chifukwa susintha kwambiri ukauma. Mbawa ndi yokongola, koma mitsempha yake, kutanthauza timizere toyenda m'litali mwa thabwa, imapingasana. Tsanya, yemwe amapezeka kwambiri kuchigwa kuno, ndi wolemera zedi ndipo amabunthitsa zida msanga, choncho ndi bwino kumusungira zogwirira zokha. Gulani matabwa kwa ogulitsa ovomerezeka, popeza kudula mitengo ku Lengwe kapena ku Majete ndi mlandu.

Musanayambe kupala, yang'anani kunsonga kwa thabwa. Ngati mizere yosonyeza zaka za mtengo, yooneka kunsongako, yaimirira, thabwalo lidzakhala lowongoka. Ngati yapanga uta, lidzapindika pouma, ndipo pophatikiza matabwa awiri kapena atatu muwasinthanitse, lina uta woyang'ana kumwamba, linalo pansi. Thabwa lokhala ndi mtima wa mtengo pakati musaligwiritse ntchito, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo.

Popala, yendetsani puleni kumene mitsempha ikulowera. Mukaona kuti thabwa likunyotsoka ndi kusiya timaenje, litembenuzeni muyambire kunsonga inayo. Pa mbawa kutembenuza sikuthandiza nthawi zonse, choncho nolani mpeni wa puleni, muutulutse pang'ono kwambiri, ndipo muzipala mopendeketsa. Pafupi ndi mfundo chitani chimodzimodzi.

M'mbali zinayi za thireyi mitsempha iyende m'litali, makamaka pamene mukuboola zogwirira, chifukwa chogwirira chodulidwa mopingasa mitsempha chimathyoka tsiku limene thireyi yasenza tiipoti yodzaza. Thabwa lapansi, lochindikala mamilimita 10 kapena 12, lilowe mumpata wosemedwa m'mbalimo popanda guluu, ndipo musiye danga la mamilimita 2 mbali iliyonse ya m'lifupi ngati mukupanga nthawi yachilimwe.

Sandipepala nayenso atsate mitsempha, kuyambira nambala 80, kenako 120, mpaka 220, chifukwa mikwingwirima yopingasa imaonekera poyera mukangopaka vanishi. Pakani pamwamba ndi pansi mofanana kuti mbali imodzi isamwe chinyontho kuposa inzake.