Mmene mwana wa Myuda wopulumuka angapepukitsire mantha amene anatengera kwa makolo

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, boma la Nazi la ku Germany linapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Opulumuka anabereka ana, ndipo mu 1966 dokotala wa matenda a maganizo Vivian Rakoff ku Montreal analemba kuti ana amenewa ankafika kuchipatala ali ovutika mumtima, chonsecho nkhondo sanaione. Ambiri mwa iwo akhala moyo wabwinobwino, koma bala limatukusira pakagwa maliro, matenda kapena nkhondo.

Ngati ndinu mmodzi wa iwo, yambani ndi kusiyanitsa mantha anu ndi a makolo. Kwa masabata awiri, lembani m'kope zinthu zitatu nthawi iliyonse mtima ukagunda: chachitika n'chiyani, mwamva bwanji, ndipo mawu amene akulankhula m'mutumo ndi a ndani. Zimene zimatulukira kawirikawiri ndi kuunjika chakudya, kulephera kutaya ngakhale nyenyeswa za buledi, kusunga pasipoti pafupi, ndi kudziletsa kudandaula poti "vuto langa n'chiyani poyerekeza ndi la amayi?" Ayuda a Ashkenazi, ochokera pakati ndi kum'mawa kwa Ulaya, amatcha mwana dzina la m'bale amene anamwalira, choncho ena anakula akumva kuti akukhalira moyo azakhali amene anaphedwa. Zimenezi nazonso zilembeni.

Kenako funani zenizeni, chifukwa pamene makolo anakhala chete, mwana amadzazapo zoopsa za m'mutu mwake. Arolsen Archives ku Germany imasunga zikalata za anthu pafupifupi 17.5 miliyoni amene anazunzidwa ndi boma la Nazi, ndipo kufunsa n'kwaulere. Yad Vashem, malo okumbukira Ayuda ophedwawa ku Jerusalem, ili ndi mayina mamiliyoni a ophedwa pa intaneti. Ambiri amagwa ulesi msanga poti dzina silikutuluka. Yesani kalembedwe kosiyanasiyana, pakuti mzinda umodzi umalembedwa Lwów, Lemberg kapena Lviv. Chaka chobadwa musachikhulupirire kwambiri. Ambiri ananama zaka kuti aoneke oyenera ntchito n'kupulumuka. Musawerenge zikalatazi usiku muli nokha. Ola limodzi masana n'lokwanira, ndipo pakhale wina wokamba naye mukatha.

Kholo likakhala kuti lilipo, musayambe ndi za kumisasa yachibalo. Funsani za msewu umene anakulira, sukulu, chakudya cha pa Sabata. Mphindi 30 zakwana, ndipo akati basi, lekani. Matenda oiwalaiwala akayamba, zakale zimabwerera mwamphamvu: amatha kubwerera ku chilankhulo cha paubwana wawo monga Chiyidishi kapena Chipolishi, kubisa chakudya pansi pa pilo, kuopa shawa, agalu ndi anthu ovala yunifolomu. Owasamalira auzeni zimenezi pasadakhale.

Chopweteka china n'chakuti achibale ambiri ophedwa alibe manda, ndipo tsiku la imfa yawo silidziwika. Akuluakulu a chipembedzo cha Chiyuda ku Israel anaika tsiku la 10 la mwezi wa Tevet pa kalendala ya Chiyuda kuti anthu azinena Kaddish, pemphero lokumbukira akufa, la oterowo. Yatsani kandulo yachikumbutso ya maola 24, tchulani mayina mokweza, ndipo amene sanalembedwe muwalembetse pa fomu ya umboni ya Yad Vashem.

Mudzamva kuti zowawazi zimadutsa m'magazi. Koma kafukufuku wotchuka pa nkhaniyi, wa Rachel Yehuda ku New York, anayeza opulumuka 32 ndi ana awo 22 okha, choncho musaganize kuti palibe chingasinthe. Koma kusowa tulo ndi maloto oopsa zikapitirira mwezi, onanani ndi katswiri wa za maganizo. Ku Israel kuli bungwe la Amcha, limene lakhala likuthandiza opulumuka ndi ana awo kuyambira 1987.