Momwe mungachitire kuti imelo ya bizinesi yanu isamagwere mu Spam

Ngati muli ndi loji ku Cape Maclear kapena ku Nkopola, kapena kabungwe kanu kali ndi ofesi pa Boma, mwina munagula kale domain (dzina lanu la pa intaneti, monga dzinalanu.com) kuti imelo izioneka yaulemu, monga info@dzinalanu.com. Vuto limayamba mukatumiza mitengo ya zipinda kwa mlendo wa ku Germany, kapena lipoti kwa opereka thandizo, masiku n'kumapita kuli zii. Mukafunsa pa WhatsApp akuti sanaione, kenaka aipeza mu Spam, bokosi la maimelo okayikitsa. Nthawi zina imabwerera yokha ndi uthenga wachingerezi woyamba ndi nambala 550.

Kawirikawiri cholakwika si mawu amene mwalemba. Kuyambira February 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo: aliyense wotumiza imelo ku Gmail ayenera kukhala ndi SPF kapena DKIM, ndipo amene amatumiza maimelo 5,000 pa tsiku ayenera kukhala ndi ziwiri zonsezi kuphatikizapo DMARC. Zitatuzi ndi njira zotsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa mwini domain. Microsoft nayo inachita chimodzimodzi kwa otumiza maimelo ambiriwo mu May 2025 pa Outlook ndi Hotmail. Kuno ku Mangochi ndani amafika 5,000? Komabe ikani zonse zitatu. Ndi mizere itatu yolemba mu DNS (kaundula wa pa intaneti wa domain yanu) basi, ndipo palibe cholipira.

Choyamba: pezani kumene DNS yanu ili

Mufunika dzina lolowera ndi pasiwedi ya kumene domain yanu imayendetsedwa. Apa mpamene ambiri amadzidzimuka, chifukwa domain inalembetsedwa mu akaunti ya mnyamata amene anawapangira webusayiti, ndipo iye ali ku Blantyre, foni sakuyankha. Alipo ena amene chaka chilichonse amangotumiza nambala ya Airtel Money kapena Mpamba n'kunena kuti "domain yatha, tumizani", ndalama yake kuchulukitsa kangapo mtengo weniweni. Mnyamatayo muuzeni mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti domain isamutsidwire mu akaunti yanu. Ndi katundu wa bizinesi, ngati boti kapena jenereta.

Mukalowa, onani ma nameserver, amene amasonyeza kumene DNS yanu ikusungidwa. Domain itha kukhala yogulidwa ku Namecheap kapena GoDaddy koma ma nameserver akuloza ku Cloudflare kapena ku kampani yosunga webusayiti yanu. Zikakhala choncho, mizereyi mukailembe kumene akulozako. Mukailemba kwina, palibe amene adzaione.

Chachiwiri: SPF

SPF ndi mndandanda wa maseva ololedwa kutumiza imelo m'dzina la domain yanu. Musanalembe kalikonse, tengani pepala mulembe chilichonse chimene chimatumiza imelo m'dzina lanu: imelo ya mu ofesi, fomu yosungitsira malo ya pa webusayiti, pulogalamu yotulutsa ma invoice. Fomu ija ndiyo imaiwalika, poti imatumiza yokha kuchokera pa seva ya webusayiti, usiku inu muli mtulo.

Mu DNS onjezani mzere wa mtundu wa TXT, pa kabokosi kolembedwa Host mulembe @, ndipo ngati imelo yanu ili ku Google Workspace mulembe motere:

v=spf1 include:_spf.google.com ~all

A Microsoft 365 alembe include:spf.protection.outlook.com m'malo mwake.

Tsono mvetserani bwino apa, chifukwa mpamene zinativutira pa loji ina imene ndimathandiza za makompyuta kumbali ya Monkey Bay. Loji inasamutsa imelo kuchoka pa cPanel (pulogalamu yoyendetsera seva ya webusayiti) kupita ku Google Workspace, ndipo achimwene amene anagwira ntchitoyo anawonjezera mzere wa SPF wa Google, wolembedwa bwino lomwe. Koma wakale uja, umene cPanel inaika yokha kalekale, anausiya pomwepo. Domain inakhala ndi mizere iwiri yoyamba ndi v=spf1. Mukauyang'ana uliwonse paokha mulibe cholakwika, n'chifukwa chake aliyense amene tinamuonetsa ankati zili bwinobwino. Koma lamulo la SPF limalola mzere umodzi wokha pa domain. Ikakhala iwiri, seva yolandira sisankhapo wabwino ayi, imangolemba permerror, ndiye kuti zili ngati mulibe SPF.

Inali nyengo ya alendo ambiri, kunyanja kutadzaza, ndipo mayi amene amayankha maimelo pa ofesi ankadzudzulidwa kuti akuchedwa kuyankha anthu, chonsecho ankayankha tsiku lomwelo. Achimwene aja atafunsidwa anati ndi netiweki ya kunyanja. Patapita masiku anasintha, akuti domain "yadetsedwa" ndipo pakufunika kugula ina, iwo adzatithandiza pa mtengo wabwino. Chimene chinaulula nkhani ndi imelo imodzi imene ndinadzitumizira ku Gmail yanga: pamwamba pake panalembedwa SPF: PERMERROR. Nditaika dzina la domain pa MXToolbox, webusayiti yoonera mizere ya DNS, mizere iwiri ija inaoneka itasanjikizana, wina pamwamba pa unzake.

Mankhwala ake ndi kufufuta umodzi n'kuphatikiza zonse mu wotsalawo, chonchi:

v=spf1 ip4:NAMBALA-YA-SEVA include:_spf.google.com ~all

Pa NAMBALA-YA-SEVA muike IP ya seva ya webusayiti, imene imaoneka chakumanja mu cPanel, kuti fomu ija nayo iloledwe. Musanafufute wakale, ujambuleni kaye pa foni. Dziwaninso kuti SPF ili ndi malire: include, a ndi mx iliyonse imachititsa seva yolandira kukafunsa ku DNS, ndipo kufunsako kukapitirira ka 10 mumapezanso permerror yomweyo. Choncho musamangounjika ma include a makampani amene munasiya kalekale kugwiritsa ntchito. Za ip4 siziwerengedwa. Ndipo wina akakulemberani mzere wothera ndi +all, ameneyo musamupatsenso ntchito, chifukwa walola dziko lonse kutumiza imelo m'dzina lanu.

Chachitatu: DKIM

Iyi ili ngati chidindo cha amfumu pa kalata: seva yanu imadinda imelo iliyonse ndi kiyi yachinsinsi, wolandira n'kuyerekeza chidindocho ndi kiyi ina imene mwaika poyera mu DNS. Ku Google Workspace lowani mu Admin console, mupite pa Apps, Google Workspace, Gmail, kenaka Authenticate email, n'kudina Generate new record. Sankhani 2048. Mupatsidwa mzere wautali kwambiri. Ukopereni pa kompyuta, osati pa foni, poti chilembo chimodzi chikatsala zonse zawonongeka.

Pa Host mulembe google._domainkey pokha. Makampani ambiri amawonjezera okha dzina la domain kumapeto, ndiye mukalemba lonse limabwera kawiri. Kampani yanu ikakana mzerewo kuti watalika kupitirira zilembo 255, uduleni m'zigawo ziwiri, chilichonse m'kati mwa zizindikiro " ", ndipo zikakanikabe bwererani mukasankhe 1024. Mukamaliza bwererani ku Google mukadine Start authentication. Popanda kutero kudinda sikuyamba. Ikakana musadandaule, DNS imatha kutenga mpaka maola 48.

A Microsoft 365 amapatsidwa mizere iwiri ya mtundu wa CNAME, osati TXT: selector1 ndi selector2. Amene imelo yawo ikadali pa cPanel ali ndi njira yachidule: pali gawo lotchedwa Email Deliverability, mungodina Repair, bola DNS ikhale komweko. Makampani otumizira maimelo ambiri, monga Mailchimp, amapereka ma CNAME awoawo, muwaike momwe akupatsirani.

Chachinayi: DMARC

DMARC imauza seva yolandira chochita ndi imelo yolephera SPF ndi DKIM, komanso kotumiza malipoti. Ndi TXT ina, Host ndi _dmarc:

v=DMARC1; p=none; rua=mailto:dmarc@dzinalanu.com

Adiresi imeneyo muipange yapadera, chifukwa malipoti amabwera pafupifupi tsiku lililonse, mafayilo a XML osasangalatsa kuwerenga, ndipo adzakudzazirani bokosi la info. Yambani ndi p=none, kutanthauza kungoonerera osachitapo kanthu. Pakapita masabata angapo zonse zikuyenda bwino musinthe kukhala p=quarantine (imelo yolephera ipite mu Spam), kenaka p=reject (ikanidwe) ngati mwalimba mtima. Ndaonapo anthu akulipiritsa mzere umodzi umenewu ngati ntchito yapadera ya "chitetezo".

Pomaliza yesani. Tumizani imelo ku Gmail ya mnzanu, muitsegule pa kompyuta, mudine timadontho titatu, musankhe Show original. Mukufuna kuona PASS pa SPF, DKIM ndi DMARC. Pulogalamu ya Gmail ya pa foni ilibe Show original, ndiye bwerekani laputopu. Pali mail-tester.com yomwe imapereka malikisi pa 10, ndipo ndi yaulere mukayesa kochepa pa tsiku. Fomu ya pa webusayiti muiyese payokha, poti imadutsa seva ina: dzisungitsireni chipinda ndi adiresi ya Gmail muone kumene yankho ligwere.