Mashingozi akafika pamphumi, siyani kudontheza mankhwala obwereka m'maso

Miyezi yapitayi ndaona anthu angapo diso litachita kale chipsera choyera, ndipo nkhani yawo ndi imodzimodzi. Matuza anatuluka mbali imodzi ya mphumi, diso n'kufiira, iwo n'kuthamangira kabotolo kotsala ka mnzawo. Zimandipweteka mtima chifukwa ambiri mwa maso amenewa akanapulumuka.

Mashingozi amayamba ndi vairasi yomwe ija ya katsabola. Imabisala m'mitsempha zaka zambiri, ndipo imadzuka chitetezo cha m'thupi chikatsika, kaya chifukwa cha HIV, mankhwala a khansa kapena ukalamba. Matuza akafika pansonga ya mphuno, dziwani kuti diso lili pangozi, pakuti mtsempha wake ndi umodzi. Tsono mabotolo ambiri oyenda m'manjawa amakhala ndi dexamethasone kapena prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa ndi kufiira. Kufiira kumatha msanga, munthu n'kumati wachira, pamene mankhwalawo afooketsanso kachitetezo kochepa komwe kanatsala m'diso. Ngati chavuta diso ndi vairasi ina ya herpes simplex, ija imatulutsa tizilonda pamilomo, mankhwalawa amachititsa kuti chilonda cha padiso chikule ndi kuzama. Dokotala wa maso amawapereka nthawi zina, inde, koma atayeza kaye diso. Mpaka liti tidzakhala tikubwerekana mankhwala a m'maso ngati khasu?

Bambo wina, mlimi wakhama, anandiuza kuti sakanasiya kupalira chifukwa cha "tizilonda". Anali atasiyanso ma ARV ponena kuti akupeza bwino. Anadontheza mankhwala a mlamu wake masabata awiri. Pano diso lamanzere limangoona chifunga, ndipo ululu wa pamphumi sumugonetsa ngakhale matuza anauma kalekale. Munda womwe ankaudandaulawo ana ndiwo anamaliza kuupalira.

Kwa omwe chitetezo chawo chatsika, palinso vairasi ina yotchedwa CMV, yomwe imadya mkati mwa diso CD4 (chiwerengero cha maselo oteteza thupi) ikatsika pansi pa 50. Iyi sipweteka, diso silifiira n'komwe. Munthu amangoona timadontho takuda tikuyandama, ndipo mbali ya diso yomwe yafa sibwereranso.

Chochita mukuchidziwa. Matuza akatuluka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mapiritsi a aciclovir, olimbana ndi vairasi ya mashingozi, amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72 matuza atatuluka. Amamwedwa kasanu patsiku, ndipo mumalize onse. Auzeni adokotala za chitetezo chanu mosabisa, ma ARV musadumphitse, ndipo kabotolo komwe munadonthezako katengeni akakaone.