Momwe mungapezere mabuku aulere a ku yunivesite popanda kuba

Kaya ndinu lekichala kaya wophunzira, lekani zomangodawunilodi ma PDF paliponse, ambiri aja ndi akuba. Lowani pa webusayiti ya OpenStax, ndi ya Rice University ya ku America, mabuku a Biology, Physics, Economics ali mbwee aulere, kapena MIT OpenCourseWare komwe kuli manotsi ndi mavidiyo a makosi enieni a yunivesite ya MIT.

Koma musanagwiritse ntchito yang'anani kaye laisensi, imakhala pansi pa webusayiti kapena masamba oyambirira a bukulo, tizilembo ta Creative Commons (CC) tomwe timakuuzani zomwe mukuloledwa kuchita ndi bukulo. CC BY ndiye yomwe ine ndimaikonda, mutha kudula machaputala, kuonjezera zitsanzo zanu ngakhale kumasulira bola mutchule mwini wake. SA ndiye kuti zomwe mwasinthazo mugawenso pa laisensi yomweyo, NC osachitira bizinesi, za MIT zili pa BY-NC-SA. Koma ND eee samalani, mukasintha ngakhale ndime imodzi simuloledwa kugawa, mugawe mmene zilili basi.

Pa silaidi yomaliza kapena kumapeto kwa manotsi lembani mutu wa buku, wolemba, linki ndi laisensi yake, ndipo ngati munasintha penapake nenaninso.