Zoyenera kuunika musanalipirenso inshuwalansi ya maulendo ya chaka chathunthu

Amalawi ambiri okhala ku United Kingdom, ku Ireland, ku South Africa ndi kwina amagula inshuwalansi ya maulendo ya chaka chathunthu, yomwe imateteza maulendo onse a m'miyezi 12 pa mtengo umodzi. Chaka chikamatha, kampani imatumiza kalata yonena kuti pa tsiku lakutilakuti idzatenga ndalama ku akaunti yanu kuti mgwirizano upitirire, ndipo ambiri kalatayi saiwerenga. Koma inshuwalansi zoterezi anazikonza poganizira munthu wopita kukapuma ku hotela kwa masabata awiri, pamene ife ulendo wathu waukulu ndi wakumudzi, kumene timakhalitsa, timanyamula katundu wa abale, timagona kutali ndi chipatala, ndiponso nthawi zambiri timanyamuka mwadzidzidzi chifukwa cha matenda kapena maliro. N'chifukwa chake mgwirizanowu muyenera kuuwerenga mukuganizira ulendo wakumudziwo.

Yambani ndi kutalika kwa ulendo umodzi. Mawu oti chaka chathunthu amasocheretsa, chifukwa satanthauza kuti mungakhale kunja miyezi yonse 12. Makampani ambiri a ku United Kingdom amaika malire a masiku 31 pa ulendo uliwonse, ngakhale kuti ena amalola masiku 45, 60 kapena 90 mukawonjezera ndalama. Munthu wonyamuka pa 10 Disembala n'kubwerera pa 15 Januwale wakhala masiku 37, ndipo chimene ambiri sachidziwa n'chakuti makampani ena amaona ulendo wopyola malire ngati wosatetezedwa kuyambira tsiku loyamba, osati masiku 6 owonjezerawo okha. Ngati chaka chikubwerachi mukufuna kukayang'anira ntchito yomanga nyumba kapena kukakhala ndi makolo miyezi iwiri, pemphani malire aakulu panopa, kapena gulani inshuwalansi ya ulendo umodzi umenewo payokha.

Kenako onani dera limene munasankha. Makampani amagawa dziko lapansi m'zigawo, monga Ulaya yekha, dziko lonse kupatula United States, Canada ndi zilumba za Caribbean, kapena dziko lonse osapatula kalikonse. Amene chaka chatha anangopita ku Spain n'kusankha Ulaya chifukwa chotchipa, mgwirizano ukapitirira wokha adzatsika pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena la Chileka alibe chitetezo chilichonse. Funsaninso, makamaka polemba kalata kuti yankho likhale lolembedwa, ngati amateteza munthu amene wapita ku dziko limene iye ndi nzika yake, pakuti inshuwalansi zina, makamaka zogulitsidwa kwa anthu ogwira ntchito kapena kuphunzira kunja, zimapatula dziko lakwanu. Ambiri amafunanso kuti mukhale wokhazikika m'dziko limene mwagula inshuwalansiyo, wolembetsa kwa dokotala kumeneko, komanso kuti ulendo uyambire ndi kuthera komweko. Ngati mwasamukira dziko lina m'chakachi, mgwirizano wakalewo mwina sukugwiranso ntchito ngakhale ndalama zikudulidwabe.

Nkhani ya matenda ndiyo imagwetsa ambiri. Chilichonse chimene chasintha pa thanzi lanu chiyambire pamene munayankha mafunso a kampani chiyenera kunenedwa: dokotala wakupezani ndi BP kapena shuga, wakusinthirani mankhwala a mphumu, mwayamba kumwa ma ARV, munagonekedwa m'chipatala, kapena mukudikira zotsatira za kuyezedwa kwina. Ife tinazolowera kubisa matenda, ndipo ena amati BP si matenda popeza akumwa mankhwala ndipo ali bwinobwino, koma mukadzadwala pa ulendo kampani idzaitanitsa mbiri yanu kwa dokotala isanalipire kalikonse. Ku United Kingdom lamulo la 2012 limati wogula asamale kuti asapereke mayankho olakwika, ndipo udindowu umakhalapo ngakhale pongopitiriza mgwirizano wakale. Amene walakwitsa mosasamala angalandire gawo chabe la ndalama, pamene amene wanama dala angakanidwe zonse, ndipo ndalama zimene analipira sizibwezedwa. Kuulula kumakweza mtengo, izi n'zoona, komabe ngati kampani yanu yakana kukutetezani kapena yakweza kwambiri, tsamba la pa intaneti la MoneyHelper, lopereka malangizo a zachuma ku United Kingdom, lili ndi mndandanda wa makampani amene amateteza anthu odwala matenda aakulu.

Pa ulendo wakumudzi, mzere wofunika kwambiri mu mgwirizano wonse ndi wa ndalama za chithandizo cha kuchipatala ndi zosamutsira wodwala. Munthu akadwala kwambiri kapena akachita ngozi ku Malawi, nthawi zina amayenera kutengedwa pa ndege ya odwala kupita ku Johannesburg kapena ku Nairobi, ndipo mtengo wake ndi woti banja wamba silingasonkhe m'masiku awiri. Onani ngati zimenezi zilimo, ndipo sungani nambala ya foni ya thandizo ladzidzidzi, chifukwa makampani ambiri amafuna kuti muwaimbire musanagonekedwe m'chipatala cholipira kapena mwamsanga mukangogonekedwa. Ndi bwino kupatsako nambalayi m'bale mmodzi wakumudzi, pakuti wodwala mwakayakaya saimba foni. Malungo nawo tisawapeputse. Thupi la munthu amene wakhala zaka zingapo kudziko kopanda malungo limataya mphamvu imene linali nayo yolimbana ndi matendawa, ndipo ana obadwira kunja alibiretu mphamvuyo. Migwirizano ina imanena kuti sidzalipira ngati simunamwe mankhwala oteteza kapena kulandira katemera amene madokotala amalangiza, choncho fufuzani ngati mawu oterewa alimo.

Pa nkhani ya maliro m'pamene timayembekezera zinthu zimene inshuwalansi ya maulendo sinalonjeze. Choyamba, siigulira munthu tikiti yopitira kumaliro. Chimene imachita n'kubweza ndalama za ulendo umene munakonza kale ngati mwaulephera kapena mwaudula chifukwa m'bale wapafupi wamwalira kapena wadwala kwambiri. Chachiwiri, m'bale wapafupi amene kampani ikunena si amene ife timanena. Mndandanda wawo kawirikawiri umakhala wa mkazi kapena mwamuna, ana, makolo, agogo ndi abale a bere limodzi, ndipo amalume amene anakulerani kapena azakhali amene anakulipirirani sukulu mwina mulibe. Makampani ena amafuna kuti m'baleyo akhale wokhala m'dziko lomwelo limene inu mukukhala, ndipo ambiri salipira ngati imfayo yabwera chifukwa cha matenda amene munkawadziwa kale pogula inshuwalansi kapena tikiti. Chachitatu, ndipo apa ndikupempha kuti mumvetse bwino, mawu onena za kunyamula mtembo amakhudza munthu amene wamwalira ali pa ulendo, ndipo kawirikawiri amatanthauza kubwezera thupi kudziko kumene ankakhala. Munthu wokhala ku Leeds kapena ku Cape Town akamwalira kunyumba kwake komweko, inshuwalansi ya maulendo sinyamula thupi lake kupita ku Mzimba kapena ku Thyolo. Zimenezo zimafuna inshuwalansi ya maliro yapadera kapena gulu losonkherana la Amalawi anzanu, ndipo banja liyenera kudziwa kusiyana kumeneku tsiku loipa lisanafike.

Pali zina zing'onozing'ono zimene timachita kwathu osaganiza n'komwe. Kukwera kabaza wa njinga yamoto ndi chimodzi mwa izo: migwirizano yambiri imalipira ngozi ya njinga yamoto pokhapokha ngati munavala chipewa choteteza mutu ndipo woyendetsayo ali ndi laisensi, ndipo ina imaika malire a kukula kwa injini, nthawi zambiri 125cc. Kukwera phiri kulinso ndi malire ake, omwe ena amawaika pa mamita 2,000, 2,500 kapena 3,000, pamene nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002. Ntchito zamanja, monga kukwera padenga pothandiza amisiri, kawirikawiri sizitetezedwa.

Za katundu musayembekezere zambiri. Pamakhala malire a ndalama zonse, malire a chinthu chimodzi, ndi malire ena a zinthu zamtengo wapatali, ndipo mafoni ndi malaputopu oikidwa m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege nthawi zambiri salipiridwa. Katundu wa anzanu amene mwangowanyamulira saonedwa ngati wanu. Sutikesi ikasowa posintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, lembetsani dandaulo pabwalo la ndege musanatuluke, chifukwa kampani ya inshuwalansi idzafuna pepala limenelo pamodzi ndi malisiti.

Amene ali ndi pasipoti ya Malawi ndipo akufuna viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, aonetsetse kuti inshuwalansi yawo ikukwanira ma euro 30,000 a chithandizo cha kuchipatala ndi kusamutsa wodwala, ndiponso kuti kampani ingawapatse kalata yotsimikizira zimenezi. Khadi la GHIC, lomwe ndi khadi la zaumoyo loperekedwa kwa anthu okhala ku United Kingdom, limathandiza m'zipatala za boma m'mayiko a European Union, koma silinyamula wodwala kubwerera kwawo ndipo ku Malawi siligwira ntchito.

Mtengo muuone pomaliza. Ku United Kingdom kalata yopitiriza mgwirizano iyenera kuonetsa ndalama zimene munalipira chaka chatha pambali pa za chaka chino, choncho kuyerekeza n'kosavuta. Yang'anani ndalama imene amaitcha excess, yomwe mumadzilipirira nokha pa dandaulo lililonse, chifukwa nthawi zambiri amaiwerengera munthu aliyense payekha komanso gawo lililonse la dandaulo palokha, moti banja la anthu anayi lingadulidwe kanayi. Onani ngati akaunti yanu ya kubanki ili kale ndi inshuwalansi ya maulendo kuti musalipire kawiri, ngati wina m'banjamo wafika zaka 65 kapena 70 pamene mitengo ndi malamulo zimasintha, komanso ngati mwana amene wakwanitsa zaka 18 akuwerengedwabe. Posintha kampani musasiye mpata ngakhale wa tsiku limodzi ngati muli ndi tikiti yogula kale, pakuti chitetezo cha ulendo wolephereka chimayamba pa tsiku limene mgwirizano watsopano wayamba, osati pa tsiku limene mwalipira.

Ngati ndalama zadulidwa kale musanawerenge, ku United Kingdom muli ndi masiku 14 oti muthetse mgwirizano n'kubwezeredwa ndalama, bola musanayende ulendo kapena kupereka dandaulo, ngakhale kuti ena amadulapo pang'ono. Kampani ikakana kulipira ndipo simukukhutira, mukaidandaulira ili ndi masabata 8 oti ikuyankheni, ndipo pambuyo pake mungapite kwaulere ku Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo okhudza makampani a zachuma, pasanathe miyezi 6 chilandirireni yankho lomaliza. Ku South Africa madandaulo oterewa amapita ku National Financial Ombud Scheme, yomwe inayamba ntchito mu 2024.