Musanapemphe mbande, kwerani phiri mukaone zitsa

Ndikafika pamsonkhano wa komiti yoyang'anira zachilengedwe, kaya ndi ku Domué, ku Furancungo kapena m'midzi ya ku Tsangano, kuno ku chigawo cha Tete ku Mozambique, pempho loyamba limakhala limodzimodzi: "Alangizi, tipezereni machubu ndi mbewu ya mitengo." Pempholi si loipa. Koma ndisanayankhe, ndimapempha a mfumu kuti tikwere kaye phiri limene akuti linatha mitengolo, tiyeze kamalo ka mapazi 20 uku ndi uku, tiwerenge zitsa zimene zikuphuka pamenepo. Anthu amadabwa. Mombo ulipo, tsamba, mtondo, msuku, muwanga, zonse zilipo. Zangofupika, zikulekeza m'mawondo, chifukwa chaka ndi chaka moto ndi mbuzi zimazibwezera pansi.

Mitengo ya m'tchire lathuli mphamvu yake ili kumizu. Chitsa cha mombo umene unadulidwa zaka zisanu zapitazo chili ndi mizu yokhwima, yozama, yofika pachinyezi ngakhale mu Okutobala. Mbande ya m'chubu muzu wake ndi wotalika ngati chala. Imafuna kuthirira, imafuna mpanda, ndipo ikakhala ya bulugamu chiswe chimaidya isanakwane chaka. Ambiri mukukumbukira mfuu ya "Um líder, uma floresta" m'nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, pamene mtsogoleri aliyense ankayenera kukhala ndi nkhalango yake. Kumene ine ndayendako, nkhalango zimene zikuoneka lero ndi za mafumu amene anapatula tchire lomwe linalipo kale n'kuliteteza. Umboni wina uli kumanda kwanu. Ndani anabzala msitu umenewo? Palibe. Mudzi unangogwirizana kuti uko nkhwangwa siilowa, moto suyatsidwa, ndipo ngakhale mwana amadziwa. Ntchito ya komiti ndi kubweretsa mgwirizano wotere paphiri, pakasupe ndi padambo.

Yambani ndi malire. Musawalembe mutakhala pabwalo, ayendeni ndi miyendo: a mfumu, anyakwawa, akuluakulu a mbumba zimene minda yawo yagundana ndi malowo, ndi mfumu ya mudzi woyandikana. Amayi asatsale, pakuti ndiwo amadziwa kumene kumapezeka nkhuni, bowa ndi dothi loumbira. Pakani utoto pamiyala ndi pamitengo ikuluikulu. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, koma mudzi umene wakhala pamalo motsata mwambo uli ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo ngakhale ulibe pepala, ndipo umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzimo umalandiridwa. Komabe pepala limathandiza tsiku limene kwabwera munthu wa galimoto wofuna mahekitala, choncho funsani ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi ntchito za chuma m'boma lanu, za kalembetsedwe ka malire a mudzi. Lamulo lomweli limateteza mamita 100 kuzungulira kasupe. Pamenepo dimba la kachewere lisafike, ngakhale likhale la m'bale wa a mfumu.

Tsopano ku zitsa. Chitsa chimodzi chimatha kutulutsa mphukira 10 kapena 15, zonse n'kumalimbirana chakudya, n'chifukwa chake pamangokhala chitsamba chosakula. Sankhani ziwiri kapena zitatu zowongoka, zonenepa, zomera m'munsi pafupi ndi nthaka, osati pamwamba pa chitsa pomwe mphepo ingazithyole. Zinazo dulani. Chikwanje chikhale chakuthwa, ndipo muzitema mokweza m'mwamba, chifukwa mukatema motsitsa khungwa limasendeka n'kusiya bala lolowera chiswe ndi kuwola. Pa mphukira zimene mwasiyazo, sadzani nthambi zam'munsi mpaka theka la msinkhu wake basi. Ndaonapo anthu akhama akusadza mpaka kunsonga, kamtengo n'kutsala ngati mkwapulo. Kotero kamapindika ndi mphepo, ng'ombe ikangokakhudza kathyoka. Bwereraniko pakapita miyezi ingapo, chifukwa chitsa chimaphukanso. Chaka chachitatu kapena chachinayi mukhoza kudulapo imodzi ya nkhuni kapena ya phaso, yabwino koposa n'kuisiya kuti ikhale mtengo.

Ntchitoyi imayenda bwino mvula ikangotha, zokolola zisanatangwanitse anthu. Zodulidwazo zisatayidwe. Amene wagwira ntchito asenze mtolo wake, masamba atsale pansi aphimbe nthaka. Mayi amene wabwerera kunyumba ndi nkhuni kuchokera ku ntchito ya komiti, sabata yamawa simuchita kumuitana kawiri.

Koma zonsezi n'zachabe ngati moto wa Seputembala ulowamo. Pa nkhani ya moto ndimasiyana maganizo ndi makomiti ambiri. Amakonda kulengeza kuti chaka chino moto ayi, n'kuthera pomwepo. Udzu umakula, umauma gwa, kenaka tsiku lina masana dzuwa lili paliwombo, mnyamata wosaka mbewa, wofula njuchi kapena m'busa wofuna msipu wanthete amayatsa, ndipo moto wake umakwera mpaka kunsonga za mitengo. Mphukira za zaka zitatu zimapsa ola limodzi. Moto simungauletse ndi pakamwa. Uchepetsereni chakudya.

Choyamba, lambulani njira kuzungulira nkhalango yonse, yotambalala mamita osachepera 5, ndipo kumene kuli tsekera wamtali kapena kotsetsereka onjezerani. Ikhale itatha pofika Juni. Nkhalango ikakhala yaikulu, idutseninso njira pakati kuti moto ukalowa chigawo chimodzi usawoloke. Kenaka tsegulani nkhalango kwa omweta udzu wofolera. Mtolo uliwonse wotuluka ndi moto umene mwachotsa. Pomwe mitengo yapitirira msinkhu wa munthu, tenthani msanga, mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, madzulo mphepo itagona, kachigawo kamodzi pa nthawi, anthu ataima m'mbali ndi nthambi zaziwisi. Moto wotere umayenda pansipansi, umasiya zigamba zosapsa, mame akagwa umazima wokha. Pomwe mphukira zikadali zazifupi musatenthe n'komwe, ingomwetani. Dziwitsani a mfumu ndi eni minda yoyandikana tsiku lisanafike, makamaka amene chimanga chawo chikadali pamikukwe.

Anyamata a mbewa musawatenge ngati adani. Aikeni m'gulu lolondera moto. Iwo ndiwo amadziwa amene wayatsa.

Ziweto zokha ndi nkhani yapafupi: chigawo chimene mwapatulira chitsekedwe kwa mbuzi ndi ng'ombe zaka ziwiri kapena zitatu, abusa asonyezedwe kwina kodyetsa. Ku Angónia, kumene ng'ombe n'zambiri, mukatseka phiri lonse nthawi imodzi mudzangodana ndi eni makola.

Nkhalango yoletsa chilichonse siikhalitsa. Lembani poyera zimene munthu angatenge osapempha: nkhuni zouma, masuku akugwa okha, mankhwala, bowa. Bowa ngati manyame amamera mogwirizana ndi mizu ya mombo, tsamba ndi msuku, n'chifukwa chake phiri likametedwa nayenso amasowa. Lembaninso zofuna chilolezo cha komiti: mphanda za chigafa, milimo ya nyumba, luzi. Alimi a fodya ku Macanga, Chifunde ndi Angónia ndiwo amadula mitengo yanthete yambiri pomanga zigafa, ndiye komiti iwalimbikitse kubzala nsungwi ndi mitengo yawoyawo m'malire a minda. Wodula ndi chilolezo adule pansi, osapitirira chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera panthaka, mopendeketsa kuti madzi asakhale pachitsa. Ming'oma ya njuchi ikhale ya matabwa. Kusenda khungwa kuzungulira thunthu kumapha mtengo wonse. Makala ogulitsa, ngati matumba aja mumaona m'mbali mwa msewu wa Zóbuè kupita ku Moatize, amafuna chilolezo cha boma, ndipo komiti ilibe mphamvu yopereka chimenecho. Mukapeza odula mlombwa kapena owotcha makala opanda mapepala, musalimbane nawo, kanenezeni ku SDAE. Zolakwa zing'onozing'ono za m'mudzi zithere kwa a mfumu, ndipo chindapusa chabwino ndi kukalambula njira ya moto.

Za ndalama. Malamulo a nkhalango a 2002 anaika kuti 20 peresenti ya misonkho imene boma latolera kwa odula mitengo kapena osaka nyama ibwerere kwa anthu a dera limene zinthuzo zachokera, ndipo ndondomeko ya 2005 inafuna komiti ya anthu osachepera 10, amuna ndi akazi, yolembetsedwa ku boma, yokhala ndi akaunti kubanki. Maganizo amenewa si achilendo kuno. Tchuma Tchato, "chuma chathu", inayambira m'chigawo chathu chomwe chino, ku Bawa m'boma la Mágoè, m'zaka za m'ma 1990. Koma mudzi umene kulibe wodula wa chilolezo usadikire ndalamazi, sizibwera. Phindu lanu ndi nkhuni zapafupi, udzu, uchi, ndi kasupe wosaphwa wothirira madimba madzi ake asanatsikire kumtsinje wa Revúbuè. Kandalama kalikonse kolowa, ngakhale ka mtolo wa udzu, kalembedwe m'kope, kopelo liziwerengedwa pabwalo anthu onse akumva. Makomiti amene ndawaona akugwa, ambiri anagwa chifukwa msungichuma ndi wapampando ankadziwa okha za m'thumba.

Nanga machubu aja? Ali ndi malo ake. Pomwe zitsa zinazulidwa ndi makasu, m'zigwembe, m'mphepete mwa mtsinje, pasukulu, bzalani: mkuyu, katope ndi mbawa kumadzi, msangu m'minda, nsungwi m'zigwembe. Fesani mu Ogasiti kapena Seputembala kuti mbande ziwokeredwe mvula ikakhazikika mu Disembala. Mundiuze chiwerengero cha malo oterowo mutayendera malire ndi kuwerenga zitsa, ndipo tidzawerengera limodzi machubu ofunika.