Nyumba yapsa ku Ndirande: muyambire pati?

Mwafunsa kuti nyumba ya achemwali anu yapsa usiku ku Ndirande, katundu yense wathera momwemo, ndiye ayambire pati. Pepani kwambiri. Chitani izi.

Yambani ndi anthu. Amene wapsa, muthireni madzi ozizira a pampopi pachilondapo kwa mphindi 20. Musapakepo Colgate, mazira kapena mafuta ophikira. Kenako thamangirani naye kuchipatala cha Queens, kuli wodi ya anthu opsa. Ana amene anapuma utsi akawonedwenso ngakhale akusewera bwinobwino, chifukwa kubanika kumatha kuyamba patapita maola.

Musalowe m'nyumbamo kukafufuza zotsala. Khoma la zidina likatentha n'kuthiridwa madzi limagwa mosayembekezereka, ndipo mawaya angakhale adakali ndi magetsi. Imbirani a ESCOM adzadule kaye.

Kukacha, jambulani zithunzi pa foni musanasese phulusa, n'kupita kupolisi kukatenga lipoti. Lipotili lidzafunika ku NRB popempha chiphaso china cha unzika, ku MANEB pa nkhani ya masatifiketi, ndiponso kubanki. Ngati ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda anabwera, pemphaninso lawo.

Dziwitsani mfumu ndi khansala wa dera lanu kuti nkhaniyi ikafike ku khonsolo, komwe thandizo la DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, limadzera. Musachite manyazi kuuza a kumpingo kapena kumzikiti, poti ufa ndi mabulangete ofunika usiku uno amachokera kumeneko msanga. Nyumba ikakhala ya lendi, alandilodi auzidwe lero.

Ngati ma ARV kapena mankhwala a BP apsera momwemo, mwiniwake apite kuchipatala lero lomwe, asadikire tsiku limene anamulembera.